Kodi Ukalamba Umalanda Chiyani M'mutu, Nanga Umasiya Chiyani?

Pafupifupi banja lililonse lokhala ndi munthu wachikulire limachidziwa chodabwitsa ichi. Agogo amene angakuyalireni mzere wonse wa mtundu wanu, kuyambira kwa makolo amene anadzagwira malo mpaka kwa khanda lobadwa dzana, ndi omwewo amene amasanthula nyumba yonse kufuna magalasi ali nawo pamphumi. Amakumbukira mtengo wa mchere chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, mu 1971, koma pofuna kuitana mdzukulu amayamba atchula mayina a ana awo onse asanafike pa lake. Ena pabanjapo amaseka n'kumati, "Ndi ukalamba basi." Ena amayamba kunong'onezana kuti mutu wa agogo sukugwiranso. Onsewa amalankhula ngati kukumbukira n'chinthu chimodzi chimene chimangophwa pang'onopang'ono mpaka kutheratu.

Zimene akatswiri a maganizo ndi a ubongo apeza m'zaka zoposa 60 zapitazi zikutsutsa ganizo limeneli. Ukalamba suwononga zonse mofanana. Luso lina limayamba kutsika munthu akadali ndi mphamvu zake, lina limakhalabe pamalo pake mpaka zaka 70 kapena kupitirira, ndipo lina limachita kukula. Chachikulu n'chakuti zambiri zimene timazitcha kuiwala mwa okalamba sikutayika kwa zimene anasunga kale. Vuto limayambira polowera penipeni. Mawuwo sanamveke bwino, kapena ananenedwa mothamanga, kapena anafika maganizo ali ogawikana. Amene wamvetsa zimenezi amasintha kalankhulidwe kake ndi agogo, ndipo amazindikira msanga pamene kuiwala kwadutsa malire a ukalamba n'kukhala matenda.

Kukumbukira kuli mitundumitundu

Umboni woyamba wamphamvu unachokera kwa munthu wina wa ku America, Henry Molaison. Mu 1953, ali ndi zaka 27, dokotala William Scoville anamuchita opaleshoni ku Hartford pofuna kuthetsa matenda a khunyu amene ankamuzunza. Anachotsa mbali zina zamkati mwa ubongo, kumanzere ndi kumanja komwe, kuphatikizapo gawo lalikulu la kachiwalo kotchedwa hippocampus. Kugwa kunachepadi, koma kuyambira pamenepo mpaka imfa yake mu 2008, Molaison sankathanso kusunga zochitika zatsopano. Munthu akacheza naye n'kutuluka kwa mphindi zochepa, pobwerera ankalandiridwa ngati mlendo. Komabe ankalankhula bwinobwino ndipo zimene anaphunzira ali mwana ankazidziwabe. Brenda Milner, amene anamufufuza kwa nthawi yaitali, anamupatsa ntchito yolondola mizere ya nyenyezi ndi pensulo akuonera dzanja lake pagalasi. Tsiku ndi tsiku dzanja linkazolowera ndipo zolakwa zinkachepa, koma mwiniwake ankakana kuti ntchitoyo sanaigwirepo.

Kuchokera pa nkhani ngati iyi, ofufuza anayamba kusiyanitsa. Pali kukumbukira zochitika, monga amene anabwera dzulo ndi zimene ananena. Pali kudziwa zinthu, monga tanthauzo la mawu, malire a munda, kapena nthawi yobzala mtedza. Endel Tulving ndi amene anasiyanitsa ziwirizi momveka mu 1972. Pali luso limene limakhala m'manja ndi m'thupi, monga kuluka mphasa, kupalasa njinga kapena kuvundula nsima. Ndiye pali kagawo kakang'ono kamene timagwirira zinthu pa nthawi yomweyo, monga posunga nambala ya foni m'mutu tikufunafuna cholembera, kapena powerengera chenji pamsika. Alan Baddeley ndi Graham Hitch anakafotokoza mu 1974, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti kamanyamula zinthu pafupifupi zinayi zokha pa nthawi imodzi. Tingakayerekeze ndi lichero. N'laling'ono, limalandira zochepa, ndipo ntchito yake n'kupeta kuti mankhusu auluke n'kutsala nyemba zoyenera kusungidwa. Ukalamba umakhudza kwambiri kagawo kameneka ndi kukumbukira zochitika zatsopano. Kudziwa zinthu ndi luso la m'manja umangozikhudza pang'ono.

Pamene maganizo agawikana

Taonani zimene zimachitika pazenera lolandirira mankhwala kuchipatala. Mayi wa zaka zopitirira 70 waima pamenepo atakhala pabenchi kuyambira m'mamawa. Kumbuyo kwake mzere ndi wautali, mwana akulira, ndipo wina akukangana ndi mlonda. Wopereka mankhwala, amene watopa nayenso, akulankhula maso ali pa buku: "Awa awiri m'mawa, ili limodzi madzulo mutadya, awa mukamva kupweteka basi. Wotsatira!" Mayiyo akuti, "Zikomo adokotala," n'kumanga timapepala tonse pansonga ya chitenje. Kunyumba mdzukulu akufunsa, "Agogo, akuti muzimwa bwanji?" Iwo akuyankha, "Kaya mwanawe, ananena zambirimbiri." Mdzukuluyo akuganiza kuti agogo aiwala m'njira. Koma munthu sangaiwale chimene sichinalowe n'komwe, ndipo pali zifukwa zitatu zimene malangizo aja analephera kulowa.

Choyamba ndi liwiro. Timothy Salthouse, amene anayeza anthu masauzande a misinkhu yosiyanasiyana, anaonetsa kuti liwiro limene ubongo umagwirira ntchito limayamba kutsika pang'onopang'ono munthu ali ndi zaka za m'ma 20 kapena 30, ngakhale kuti amadzalizindikira mochedwa. Mu 1996 anafotokoza kuti kuchedwa kumeneku kumalongosola mbali yaikulu ya kusiyana kwa achinyamata ndi okalamba pa mayeso a kukumbukira. Pamene agogo akumaliza kumvetsa za mapiritsi a m'mawa, za madzulo zanenedwa kale, ndipo akamathamangira za madzulo, za m'mawa zija zayamba kufufutika.

Chachiwiri ndi kulephera kutaya zosafunika. Lynn Hasher ndi Rose Zacks anabwera ndi ganizo limeneli mu 1988. Wachinyamata amatha kutseka khutu ku kulira kwa mwana ndi mkangano wa pakhomo, n'kumva mawu a pazenera okha. Kwa wokalamba zonsezo zimalowa pamodzi, ndipo malo ochepa aja amadzaza ndi mankhusu. Chosangalatsa n'chakuti zimene zimalowa mosaitanidwazi sizitayika. Hasher ndi anzake anapeza kuti okalamba amadzagwiritsa ntchito pambuyo pake mawu amene anauzidwa kuti asawasamale, pamene achinyamata anali atawatayiratu. N'chifukwa chake agogo angaiwale malangizo a mankhwala koma n'kukufotokozerani bwinobwino chimene mlonda amakanganirana ndi munthu uja.

Chachitatu ndi makutu. Patrick Rabbitt anaonetsa mu 1968 kuti mawu omveka m'kati mwa phokoso amakumbukirika pang'ono, ngakhale womverayo atawabwereza molondola pa nthawi imene amawamva. Mphamvu imene ikanapita pa kusunga imathera pa kumvetsera. Wokalamba amene makutu ayamba kufooka amakhala m'phokoso loterolo tsiku lonse, ndipo ambiri amachita manyazi kunena kuti sanamve.

Fergus Craik wa ku Toronto anayesa zimenezi m'njira yosavuta. Anauza ophunzira achinyamata kuti aloweze mawu kwinaku akugwira ntchito ina, ndipo kakumbukiridwe kawo kanatsika n'kuyandikira ka okalamba. Anapezanso kuti kugawa maganizo pa nthawi yosunga kumawononga kwambiri kusiyana n'kugawa maganizo pa nthawi yokumbukira. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo munthu akamakula mawuwa amafika mpaka pa kuyenda. Ofufuza a ku Sweden analemba mu 1997 za okalamba ofooka amene amaima kuyenda munthu akayamba kuwalankhula, chifukwa phazi ndi pakamwa zikulimbirana maganizo. Ambiri mwa amene ankaimawo anagwa m'miyezi 6 yotsatira.

Koma si tcheru chonse chimene chimafooka. Pa ntchito imodzi yaitali yopanda chosokoneza, okalamba ambiri amapirira mofanana ndi achinyamata, ndipo kafukufuku wambiri wapeza kuti maganizo awo sayendayenda ngati a achinyamata. Chimene chimavuta ndi kusankha chimodzi pakati pa zambiri, kugwira ziwiri nthawi imodzi, ndi kudumphadumpha kuchoka pa ichi kupita pa icho.

Zimene zimavuta kutulutsa

Ngakhale chinthu chitasungidwa, kuchitulutsa ndi ntchito inanso. Mukafunsa agogo kuti kumaliro kunabwera ndani, angatchule anthu atatu n'kuima. Mukawaonetsa zithunzi pafoni, amazindikira aliyense, n'kuwonjezera amene anakhala naye pafupi. Pa mayeso ofuna kutulutsa chinthu popanda chothandizira, okalamba amatsalira kwambiri. Pa mayeso ongozindikira, kusiyanako kumachepa. Ndiye kuti zinthuzo zilimo, chimene chafooka ndi kuzifufuza.

Chinanso chimene chimamasuka ndi mfundo zomangira zinthu pamodzi. Moshe Naveh-Benjamin anaonetsa mu 2000 kuti okalamba amakumbukira zidutswa koma amavutika kukumbukira kuti ichi chinali ndi chiti. Nkhope akuidziwa, dzina analimvapo, koma kuziphatikiza n'kumene kukuvuta. Nkhani akuikumbukira, koma anaimva kwa ndani, pawailesi kapena kutchalitchi, sakudziwa. Nkhani ina akuifotokoza kachitatu kwa munthu yemweyo chifukwa sakukumbukira kuti anauza yani. Izi zili ndi ngozi yake. Mu 2005 Ian Skurnik ndi anzake anauza okalamba mobwerezabwereza kuti mfundo zina za malonda ndi zaumoyo n'zabodza. Patapita masiku atatu, mfundo zimene zinatsutsidwa kawirikawiri n'zimene ambiri anazikumbukira ngati zoona. Chenjezo linali litamasuka, n'kutsala mawu omveka ngati odziwika. Choncho pochenjeza agogo za akuba a pafoni, kubwereza bodza la akubawo sikuthandiza. Ndi bwino kuwapatsa chochita chimodzi: "Munthu akakufunsani nambala yachinsinsi, dulani foni, mundiimbire ine."

Mayina a anthu ndiwo amathawa kwambiri. "Lili pakamwa pompa," amatero, ndipo amadziwa kwawo kwa munthuyo, mkazi wake, ngakhale chilembo choyamba cha dzinalo. Deborah Burke anafotokoza kuti njira yochokera pa kudziwa munthu kukafika pa kamvekedwe ka dzina lake ndi imodzi yokha, ndipo imafooka ikapanda kuyendedwa. Chinthu china ungachitchule ndi mawu ena ofanana nacho, koma dzina la munthu lilibe lolowa m'malo. Dzinalo limadzatulukira lokha pambuyo pake, mwina pakati pa usiku, ndipo kutulukira kumeneko ndi chizindikiro chakuti silinatayike.

Nanga bwanji zakale zimakhala zowala? David Rubin ndi anzake anapeza kuti munthu wachikulire akafunsidwa za moyo wake, zambiri zimene amakumbukira zimachokera pakati pa zaka 10 ndi 30. Ndi nthawi ya zoyamba, monga ulendo woyamba, ntchito yoyamba ndi mwana woyamba, ndipo nkhani zake zafotokozedwa kambirimbiri. Wobadwa mu 1950 anali ndi zaka 14 pamene Malawi analandira ufulu, ndipo n'zosadabwitsa kuti za masiku amenewo amazifotokoza ngati za dzulo. Kuwalako sikutanthauza kuti zonse n'zolondola, pakuti nkhani ikamafotokozedwa imakonzedwanso.

Zimene zimatsala, ndi zimene zimakula

Mu 1956 K. Warner Schaie anayamba kuyeza anthu a mumzinda wa Seattle, n'kumawayezanso anthu omwewo pakatha zaka 7 zilizonse. Anapeza kuti kutsika kwa luso lambiri sikuonekera kwenikweni munthu asanakwane zaka 60, ndipo kudziwa mawu ndi matanthauzo ake kumalimba mpaka m'zaka za m'ma 70. Anapezanso kuti anthu amasiyana kwambiri. Pali a zaka 80 amene amaposa a zaka 50.

Luso la zaka zambiri limabwezanso zina zimene liwiro lalanda. Mu 1984 Salthouse anayeza anthu otayipa a misinkhu yosiyana. Pa mayeso a kufulumira kwa chala, achikulire anali ochedwa, koma pa kutayipa kwenikweni sankatsalira, chifukwa maso awo ankawerenga patsogolo kwambiri n'kukonzekera mawu asanafike. Mu 2010 Igor Grossmann ndi anzake ku Michigan anapatsa anthu nkhani za mikangano ya magulu ndi ya m'mabanja. Achikulire ndi amene ankaona mbali zonse, kuvomereza kuti sadziwa zonse, ndi kufuna njira yoyanjanitsa. Mudzi umene umaika achikulire pabwalo la milandu ndi pa unkhoswe, n'kumati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ukugwiritsa ntchito mbali ya maganizo imene ukalamba suifulumira kuigwira.

Pali chodabwitsa china pa kukumbukira zoti uchite mtsogolo. Pa mayeso a m'chipinda okalamba amagonja kwa achinyamata. Koma akauzidwa kuti aimbe foni kapena atumize kalata pa tsiku lakutilakuti ali kwawo, kawirikawiri amaposa ophunzira a ku yunivesite. Amadziwa kuti mutu ungawapusitse, ndiye amamangirira chochitacho ku chizolowezi, kapena kuika chinthu pamalo poti achione.

Zimene zikuchitika m'kati mwa ubongo

Kale anthu ankaphunzitsidwa kuti munthu akamakalamba maselo a ubongo amafa ochuluka tsiku lililonse. Njira zatsopano zowerengera maselo za m'ma 1990 zinaonetsa kuti mwa wokalamba wopanda matenda ambiri mwa maselowo amakhalapobe. Chimene chimachepa ndi malo amene maselowo amalumikizirana, ndipo mitsempha yotumiza uthenga kuchoka chigawo china kupita china imayamba kuperepeseka. Ubongo umanyala pang'ono, makamaka kutsogolo, kuseri kwa mphumi, kumene kumayendetsa tcheru ndi kukonza zochita, komanso hippocampus ija, imene mwa okalamba imachepa ndi 1 kapena 2 peresenti pa chaka. Mankhwala achilengedwe a mu ubongo otchedwa dopamine, amene amathandiza chigawo chakutsogolochi, amachepanso. Tulo tofa nato, timene ubongo umakhazikitsira zimene waphunzira masana, timafupika. Ndiponso timitsempha ting'onoting'ono ta magazi timauma, makamaka mwa odwala BP ndi shuga.

Ubongo sungokhala chete. Roberto Cabeza anaonetsa mu 2002 kuti pa ntchito imene wachinyamata amagwiritsa mbali imodzi ya ubongo, okalamba amene amachita bwino amagwiritsa mbali zonse ziwiri. Ndipo kuwonongeka kwa ubongo sikuyenderana ndendende ndi zimene zimaoneka kunja. David Snowdon anayamba mu 1986 kutsatira masisitere achikatolika ku America, amene 678 mwa iwo anavomera kuyezedwa chaka ndi chaka ndi kuti ubongo wawo udzapimidwe akadzamwalira. Ena anapezeka ndi zizindikiro zochuluka za matenda a Alzheimer mu ubongo, chonsecho anali oganiza bwino mpaka kumapeto. Amene anali ndi zizindikirozo kuphatikizapo timasitiroko ting'onoting'ono ndiwo ankadwala moonekera kwambiri.

Pamene si ukalamba chabe

Matenda oiwalaiwala, amene madokotala amawatcha dementia, si gawo la ukalamba. Bungwe la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni ali nawo pa dziko lonse, ndipo oposa 60 peresenti ali m'mayiko osauka ndi apakatikati. Matenda a Alzheimer, amene Alois Alzheimer anawafotokoza ku Germany mu 1906, ndiwo amachititsa 60 mpaka 70 peresenti ya odwalawa. M'boma la Hai ku Tanzania, kafukufuku wa mu 2013 anapeza matendawa mwa anthu pafupifupi 6 pa 100 alionse a zaka 70 kupita m'tsogolo. Ndiye kuti okalamba ambiri alibe.

Kusiyana kwake kumaoneka pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Wokalamba wabwinobwino amaiwala zina zimene zinanenedwa pa chinkhoswe, koma wodwala amakana kuti chinkhoswe sichinachitike. Woyambayo mukamukumbutsa amati, "Eya, zoonadi." Wodwala amafunsa funso lomwelo pakangopita mphindi zochepa, amasochera pa njira ya kuchigayo imene wayendamo zaka 40, amaima pamoto osadziwa chotsatira pophika nsima, amalephera kuwerengera ndalama, ndipo khalidwe limasintha, mwina n'kuyamba kunena achibale kuti akumubera.

Pali kusokonezeka kwina kumene kumabwera mwadzidzidzi, m'maola kapena masiku ochepa. Agogo amene anali bwino Lolemba, Lachitatu sakudziwa kumene ali ndipo akuona zinthu zosaoneka. Kumeneku kumayamba kawirikawiri ndi malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena kutsika kwa shuga, ndipo n'kofunika chipatala tsiku lomwelo. Kuiwala kwina kwapang'onopang'ono kulinso ndi zoyambitsa zochizika, monga matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, chindoko chakale, HIV, mowa, ndi mankhwala ogonetsa kapena oledzeretsa monga diazepam, amitriptyline ndi Piriton. Amene angoti "ndi ukalamba" n'kukhala pansi amamana agogo chithandizo chimene chikanawabwezeretsa.

Kulakwa kwina n'koopsa koposa. Wodwala dementia amatha kudzuka usiku n'kumayenda, n'kupezeka m'bandakucha pakhomo pa eni ali wosavala, akutchula anthu amene anamwalira kalekale. Khamu likasonkhana n'kumamupanikiza ndi mafunso, amavomera chilichonse chifukwa sakumvetsa zimene akufunsidwa, ndipo anthu amati mfiti yaulula. Ku Malawi lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza achikulire. Koma lamulo limafika mochedwa ngati oyandikana nawo sadziwa kuti kuyenda usiku ndi chizindikiro chodziwika cha matenda a ubongo.

Muyeso nawo umalakwa

Mayeso otchuka a MMSE, amene anakonzedwa ku America mu 1975, amafunsa deti, amauza munthu kuti azichotsera 7 kuchokera pa 100, alembe chiganizo, ndi kujambula zithunzi za makona asanu. Agogo aakazi amene anakula sukulu yaulere ya mu 1994 isanabwere, ndipo sanagwirepo pensulo, angalephere zonsezi mutu uli bwinobwino. N'chifukwa chake ofufuza a ku Hai anakonza mayeso ena ofunsa munthu kutchula nyama zimene akuzidziwa m'mphindi imodzi, kukumbukira mndandanda wa mawu, ndi kuyala timitengo ta machesi motsanzira chithunzi. Ku Malawi, kafukufuku wa mabanja a ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka wakhala akuyeza kaganizidwe ka anthu a zaka 45 kupita m'tsogolo kuyambira mu 2012, ndi mafunso okonzedwa kuti ayenerane ndi anthu a kumudzi.

Nthawi ndi mawu zimasinthanso zotsatira. Cynthia May ndi anzake anapeza mu 1993 kuti okalamba akayezedwa m'mawa amayandikira achinyamata, koma akayezedwa madzulo amatsalira kwambiri. Thomas Hess anaonetsa mu 2003 kuti okalamba amene anayamba awerenga nkhani yonena kuti ukalamba umawononga kukumbukira anakumbukira mawu ochepa kusiyana ndi anzawo. Mwana amene amayamba ndi kuti, "Inu agogo simukumbukira kanthu," akuthandiza kuti mawu akewo akwaniritsidwe.

Zimene zimathandizadi

Gulu la akatswiri la magazini ya The Lancet, lotsogozedwa ndi Gill Livingston, linalemba mu 2024 kuti pafupifupi 45 peresenti ya dementia ikukhudzana ndi zinthu 14 zoti zingasinthidwe. Zina mwa izo ndi kusaphunzira, kusamva, kusaona bwino, BP, shuga, fodya, mowa wambiri, kuvulala m'mutu, kukhumudwa, kusayendayenda, kusungulumwa ndi mpweya woipa. Kwa ife BP ndiyo yoyamba kuiganizira. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi pa atatu a zaka 25 mpaka 64 ku Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Ku America, kafukufuku wa SPRINT MIND anaonetsa mu 2019 kuti kutsitsa BP mokwanira kunachepetsa kufooka koyambirira kwa maganizo ndi pafupifupi 19 peresenti. Kuyezetsa BP, kuchotsa ng'ala m'maso, ngakhale kuchotsa litsiro louma lotseka m'khutu, zonsezi ndi chithandizo cha ubongo.

Kuyenda kumathandiza. Pa kafukufuku wa mu 2011, Kirk Erickson anagawa okalamba 120 m'magulu awiri, ndipo amene ankayenda ndawala katatu pa sabata kwa chaka anapezeka kuti hippocampus yawo yakula ndi pafupifupi 2 peresenti, pamene ya anzawo inachepa. Ku Finland, kafukufuku wa FINGER wa anthu 1,260 anaphatikiza zakudya, masewera olimbitsa thupi, kuphunzitsa maganizo ndi kusamala BP kwa zaka ziwiri, ndipo phindu linaoneka, ngakhale silinali lalikulu. Agogo a kumudzi amene amalima ndi kuyenda mitunda sasowa masewera. Amene ali pa ngozi ndi wopuma pantchito amene wakhala pampando m'tauni, kapena amene ana amutenga kumudzi n'kumutsekera m'mpanda, wopanda mnzake wocheza naye, wopanda chochita.

Za malonda ndiye muzichenjera nazo. Kafukufuku wa ACTIVE wa okalamba oposa 2,800 anaonetsa kuti munthu amapita patsogolo pa chimene waphunzitsidwacho, koma phindu lofika pa ntchito zina limakhala lochepa. Mu 2016 kampani ya masewera a ubongo a Lumosity inalipira madola 2 miliyoni ku boma la America chifukwa cholonjeza zimene inalibe nazo umboni. Mankhwala a ginkgo, atayesedwa pa anthu oposa 3,000, sanaletse dementia.

Zothandiza za pakhomo zilibe mtengo. Zimitsani wailesi musanayambe nkhani yofunika. Khalani moyang'anana, lankhulani chinthu chimodzi, ndipo apempheni mwaulemu kuti abwereze m'mawu awo. Nkhani za ndalama ndi za munda zikambidwe m'mawa. Mankhwala amangiriridwe ku phala la m'mawa kapena ku nsima yamadzulo, ndipo makiyi, foni ndi buku la kuchipatala zikhale ndi malo amodzi osasintha. Dzina likawathawa, apatseni chothandizira m'malo mowayesa mayeso. Koposa zonse, musawalande ntchito zimene akuzithabe m'dzina la kuwapumitsa.

Pomaliza, banja lisamayerekeze agogo ndi mdzukulu wa zaka 20, chifukwa pa liwiro adzagonja nthawi zonse ndipo kugonjako sikunena kanthu. Muyeso woyenera ndi iwo eni. Kodi zimene ankachita okha chaka chatha akuzichitabe? Ngati akuzichita, kungoti mochedwerapo ndi mofuna kukumbutsidwa, chofunika ndi kuleza mtima kwa a pabanja. Ngati zayamba kuwakanika, kapena asintha m'masiku ochepa, apite kuchipatala, ndipo apite ndi wachibale amene amakhala nawo, wotha kufotokozera dokotala chimene chasintha ndi nthawi imene chinayamba.